Mnyamata Amene Anadzitsekera M'ndende ndi Cholembera Chake

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi, ndi pa nthawi zina zimene eni ntchito andiitana kukakhala nawo pabwalo lofunsa mafunso anthu ofuna kulembedwa, makalata amene adutsa m'manja mwanga achuluka ngati mchenga wa kunyanja, ndipo ambiri ndinawaiwala dzuwa lisanalowe, koma ilipo imodzi imene yakana kuchoka m'mtima mwanga kufikira lero, kalata ya mnyamata wina waulemu, wolemba mwaudongo, amene pofuna kutidziwitsa kuti anaphunzirapo ntchito pa banki ina mumzinda wa Blantyre kwa miyezi isanu ndi umodzi, analemba kuti, "I was interned at a bank for six months." Mkulu amene anakhala kudzanja langa lamanja, munthu waimvi amene anaona masiku a Chitaganya ndi maso ake, anavula magalasi, nawapukuta ndi kansalu, nandinong'oneza kuti, "Kodi aphunzitsi, mwanayu anapalamula chiyani kuti amsunge m'banki miyezi yonseyi?"

Funso la mkuluyo linali ndi maziko, pakuti mawu akuti "intern" ali ngati mapasa obadwa tsiku limodzi, ofanana nkhope, koma osiyana mtima. Loyamba ndilo dzina la munthu wophunzira ntchito, ndipo linachokera ku Chifalansa, nkukhazikika ku America m'zaka za m'ma 1800 ngati dzina la dokotala wachinyamata wogona m'chipatala momwemo pamene akuphunzira kwa akuluakulu ake; pambuyo pake dzinali linafalikira ku mabanki, ku nyumba zosindikiza nkhani ndi ku maofesi a boma. Lachiwiri ndilo kutsekera munthu popanda kumzenga mlandu, monga anachitira a boma la America m'chaka cha 1942 ndi anthu ochokera ku mtundu wa ku Japan oposa 100,000, ndiponso monga anasungidwira makolo athu ku Kanjedza m'chaka cha 1959. Polankhula, mwini chinenero amawasiyanitsa mapasawa pokweza liwu kumayambiriro akamanena za wophunzira ntchito, ndi kumapeto akamanena za kutsekera. Koma pepala lilibe liwu, ndipo chotsala chowasiyanitsa ndi kamawu kamodzi kokha, "was". Wolemba kuti "I interned at a bank" wanena kuti anaphunzira ntchito. Wolemba kuti "I was interned" wanena kuti anatsekeredwa. Ife sitiyenera kudabwa nazo zimenezi, popeza m'chinenero chathu kumanga ndi kumangidwa n'zosiyana ngati usana ndi usiku, ndipo chozisiyanitsa ndi zilembo zowerengeka basi. Chomwechonso munthu asadzitche "internee", ngakhale atamva ena akutero, chifukwa kwa Mngelezi ameneyo ndi wotsekeredwa uja.

Tsono ine, podziwa kuti safunsa anadya phula, ndimalangiza ophunzira anga kuti ayende njira yopondedwa kale, imene ilibe minga: alembe kuti "I did an internship at", kapena "I worked as an intern at", kapenanso, ngati anakhaladi mpaka tsiku lomaliza, "I completed an internship at", amene ali mawu olemera kuposa onsewo popeza amachitira umboni kuti munthuyo sanathawe pakati pa munda. Chimene sichiloledwa ndi "I made an internship". Cholakwa chimenechi ndachiona kawirikawiri kwa abale athu a ku Tete ndi ku Angónia, amene m'Chipwitikizi amati "fazer um estágio", ndipo mneni wawoyo amasenza kuchita ndi kupanga pamodzi. Koma ndachionanso kwa ana athu a m'tauni, amene masiku ano akupanga chilichonse, akupanga mayeso, akupanga ukwati, akupanga ngakhale ngozi, kotero kuti mawu akale akuti kuchita atsala pang'ono kugonekedwa kumanda. Ndipo kamawu kakuti "an" kasasiyidwe, ngakhale chinenero chathu chilibe mnzake wa kamawu kameneka.

Pali nkhani ina imene ndifuna kuikhalira pansi pang'ono, ndiyo ya mawu akuti "attachment". Kuno kwathu, ngakhalenso ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Kenya, wophunzira wa ku koleji akati ali pa atachimenti, palibe wofunsanso kachiwiri, ndipo mawuwo ndi Chingerezi chathu chenicheni, chosafunika kuchita nacho manyazi. Koma kalata ili ngati mwana wa ng'ona, sikulira dziwe limodzi. Ikafika ku London kapena ku New York, wowerenga akaona "attachment" maganizo ake amathamangira ku chikalata chomatidwa pa imelo, kapena ku chikondi chomangirira munthu kwa mnzake; madokotala a ku Britain okha ndiwo amadziwa bwino "clinical attachment", ndipo kumeneko kumakhala makamaka kuonerera. Angelezi ntchito yophunzira munthu akadali pasukulu amaitcha "placement" kapena "work placement", pamene Amereka kawirikawiri amati "internship". Chotero polembera bwana wa ku Kanengo lembani "industrial attachment" ndi mtima wokhazikika, koma polembera sukulu ya kunja sankhani mawu amene wowerengayo anayamwira.

Kunena za nthawi ya mneni, apa ndi pamene Chichewa chimatithandiza koposa, tikadangochimvera. Tonse tikudziwa kuti ndagwira, ndinagwira ndi ndinkagwira ndi mawu atatu osiyana, ndipo palibe Mchewa wolongosoka anganene kuti ndadya nsima chaka chatha; khutu lokha limakana. Lamulo la Chingerezi ndi lomwelo. Ukatchula chaka kapena mwezi umene unapita kale, mneni akhale wa kale lenileni: "I did an internship in 2021." Kulemba kuti "I have done an internship in 2021" ndiko kudya nsima ya chaka chatha lero. Koma ngati sutchula nthawi, ndipo ukungofuna kunena kuti chinthucho unachichitapo pamoyo wako, pamenepo "I have done two internships" ndi mawu oyenera. Utali wa nthawi umatsogozedwa ndi "for", chiyambi cha nthawi imene ikupitirirabe ndi "since", ndipo awiriwa sabwerekana malaya. Timawu tina n'tosavuta: "at" pa dzina la kampani, "in" pa nthambi ya ntchito kapena mzinda, "under" pa munthu amene ankakuyang'anira.

Chiyambire 2018, pamene boma linayamba kutumiza achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maofesi ake, makalata otchula za nthawi yotereyi achuluka ndithu, ndipo matenda amene ndikuwaona tsopano sali m'galamala mokha ayi, ali m'kusankha mneni. Pa CV, mwambo ndi kusiya "I" ndi kuyamba mzere ndi mneni wa kale, monga "Prepared", "Recorded", "Drafted", "Assisted". Ena, pofuna kuoneka aakulu, amalemba "Managed" pa ntchito imene anangoithandizira, osakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndi kuti wofunsa mafunso wozolowera amang'amba mkuyuwo ndi funso limodzi lokha, lakuti unkayang'anira anthu angati. Ena, ndipo awa ndiwo amandimvetsa chisoni kwambiri, amadzichepetsa kufikira kudzifafaniza. Ndikukumbukira mtsikana wina amene analemba kuti "assisted with various duties", mawu opanda mchere amene sanena kanthu. Titamfunsa mofatsa, tinapeza kuti m'mawa uliwonse ankawerenga katundu m'nyumba yosungiramo mankhwala, nalemba zotuluka ndi zolowa m'buku, napeza tsiku lina kuti mabokosi ena atsala pang'ono kutha mphamvu, nauza akulu ake nthawi ikadalipo. Zonsezi anazikwirira pansi pa mawu anayi aja, monga kapolo uja wa m'fanizo anakwirira ndalama ya mbuye wake. Akadalemba "Counted and recorded stock daily", bwenzi titamdziwa asanalowe n'komwe pakhomo.

Mnyamata wa kubanki uja tinamuitana, pakuti zina zonse m'kalata mwake zinali zolongosoka. Analowa atavala jekete lomkulira pang'ono m'mapewa, nakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, ndipo mkulu waimvi uja, atamlonjera, anamfunsa ndi nkhope yosaseka kuti, "Mwana wanga, anakutulutsa liti?" Mnyamatayo anayang'ana ine, nayang'ana mkuluyo, osamvetsa. Ndinamsendezera kalata yake patebulo, ndi kuloza mzerewo ndi chala, ndi kumfotokozera mwachidule za mapasa aja. Anakhala chete kanthawi, kenaka anagwira pakamwa, napempha kuti ndimbwereke cholembera changa. Ndipo atadula kamawu kaja ndi mzere umodzi wowongoka, anatibwezera kalatayo ndi manja awiri.