Kudwazika amene sadzachira

Lero tikambirane za ntchito yodzipereka kukhala ndi odwala amene madokotala anena kuti matenda awo sadzachira.

Ku Lusaka kuli nyumba zotchedwa hospice, monga Our Lady's Hospice ku Kalingalinga, kumene odwala otere amasamalidwa kuti masiku awo otsiriza asakhale a ululu. Ntchitoyi inakula kuchokera ku London, kumene dokotala Cicely Saunders, mayi wa mpingo wathu wa Anglican, anatsegula St Christopher's Hospice mu 1967. Iye anaphunzitsa kuti ululu wa wodwala suli m'thupi mokha, umafika m'maganizo, m'banja ndi mumzimu. Kuno kwa Mwape tilibe nyumba yotere. Wodwala khansa akatuluka m'chipatala cha Nyimba kapena cha St Francis ku Katete, amabwera kudzagona pamphasa m'nyumba mwake. Womudwazika amakhala mkazi wake kapena mwana wake wamkazi, usiku ndi usana, kumunda udzu uli kukula. Hospice yathu ndi nyumba imeneyo.

Wofuna kudzipereka ayambe wauza abambo a mpingo ndi anamwino a ku kiliniki, kuti amuphunzitse ndiponso kuti banja lidziwe kuti watumidwa. Ntchito yake yambiri ndi yamanja. Wodwala wosatha kudzuka atembenuzidwe pakapita maola awiri alionse kuti asachite zilonda m'chiuno ndi ku zidendene. Akakana nsima tisamukakamize. Phala lamadzimadzi pang'ono, kapena kunyowetsa milomo ndi kansalu koyera, n'kokwanira. Potsuka zilonda tivale magolovesi. Ululu ukakula tithamange kwa anamwino, chifukwa alipo mankhwala amphamvu monga mofini. Ena amaopa kuti mofini ndi womalizitsa munthu, koma akaperekedwa pa muyeso wa dokotala amangochepetsa ululu, wodwala n'kugona, n'kulankhula ndi ana ake. Tisaiwale womudwazika uja. Kumutungira madzi, kapena kukhala ndi wodwala masana kuti iye akagone, ndi mbali ya ntchito yomweyi.

Chovuta kwambiri kwa ife a mpingo ndi pakamwa. Timakonda kulalika, ifenso olankhula panofe tili m'gulu lomwelo. Anzake a Yobu atamva za tsoka lake anabwera nakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu. Pamenepo anachita bwino. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa kuti amufunire tchimo limene linabweretsa matenda. Ifenso timatero tikamauza wodwala kuti akadakhala ndi chikhulupiriro bwenzi atachira, kapena tikamanong'oneza achibale dzina la amene tikumuganizira kuti anamulodza. Wodwala amwalira, koma udani umene tafesa utsala m'mudzi zaka zambiri.

Wodwala akafunsa ngati afa, tisamuname kuti mawa adzuka, komanso tisamuweruze. Timufunse chimene chikumudetsa nkhawa. Nthawi zambiri ndi ana, munda, ngongole, kapena m'bale amene anayambana naye kalekale ndipo akufuna kumuona. Zotere wodzipereka angathandize: kukaitana m'baleyo, kukaitana wansembe adze ndi Mgonero Woyera, kulemba zimene wodwala akunena za katundu wake pamaso pa mboni. Zimene tamva m'nyumbamo zisakamveke ku chitsime kapena ku chigayo. Tikabwerera kwathu tisambe m'manja ndi sopo, tidye, tipume, popeza mawa adzatiyembekezanso.