Hairspray: Kanema wa Nthabwala Amene Sakalamba

Pakati pa zithunzi za kanema zimene zinatuluka m'dziko la America m'chaka cha 1988 panali china chotchedwa Hairspray, chimene ambiri ankayesa kuti chidzaiŵalika msanga. Chinapangidwa ndi ndalama zochepa, ndipo zimene chinapeza m'nyumba zoonetseramo kanema sizinafike ngakhale madola 10 miliyoni. Komabe kanemayu anakhala ndi anthu akeake omukonda, amene ankamuonera mobwerezabwereza mpaka kuloŵeza mawu ake ndi kuphunzira magule ake. Patapita zaka 34, mu 2022, laibulale yaikulu ya boma la America yotchedwa Library of Congress inamuika m'kaundula wa makanema oyenera kusungidwa monga chuma cha dziko. Funso limene omvera angafunse n'lakuti: kodi n'chiyani chimene chasunga kanema wa nthabwala ameneyu nthaŵi yonseyi?

Nthano yake ikuchitikira mumzinda wa Baltimore, m'chigawo cha Maryland, m'chaka cha 1962. Mwini nkhani ndi mtsikana wa sukulu, Tracy Turnblad, wonenepa thupi, wa tsitsi lotukumuka ngati chulu limene amaliumitsa ndi mankhwala opopera. Mankhwalawo ndiwo anapatsa kanemayu dzina. Madzulo aliwonse Tracy ndi mnzake Penny amathamangira kunyumba kukaonera pulogalamu ya magule a achinyamata pa wailesi ya kanema, yotchedwa The Corny Collins Show. Tsiku lina Tracy akupita kukayesa mwayi, ndipo luso la miyendo yake likumpatsa malo pa pulogalamuyo, zimene zikuŵaŵa mumtima mwa Amber Von Tussle, mtsikana wa m'banja lolemera amene anazoloŵera kutamandidwa yekha.

Koma pulogalamuyo ili ndi lamulo loipa. Achinyamata akuda saloledwa kuvina pamodzi ndi azungu. Iwo apatsidwa tsiku limodzi lokha pa mwezi. Tracy, amene wapalana ubwenzi ndi mnyamata wakuda dzina lake Seaweed ndi amayi ake a mnyamatayo, a Motormouth Maybelle, eni sitolo ya malekodi, akuyamba kunena poyera kuti lamulolo lithe. Penny nayenso akugwa m'chikondi ndi Seaweed, ndipo makolo ake akumtsekera m'chipinda ndi kumuitanira dotolo wa maganizo, ngati kuti kukonda munthu wakuda ndi matenda. Pambuyo pa chipwirikiti ku malo a maseŵera, Tracy akutsekeredwa ku sukulu yolangirako ana, koma anzake akukakamiza bwanamkubwa wa chigawocho kuti ammasule. Pamapeto pake akulandira ulemu wa mfumukazi ya chionetsero cha magalimoto, ndipo akuda ndi azungu akuvina m'bwalo limodzi.

Chifukwa choyamba chimene kanemayu sakalamba n'chakuti mizu yake ili m'zinthu zimene zinachitikadi. Amene analemba nthanoyi ndi kuiwongolera, John Waters, anabadwira ku Baltimore mu 1946, ndipo ali mnyamata ankaonera pulogalamu yeniyeni yotchedwa The Buddy Deane Show, imene inkaulutsidwa ndi nyumba ya WJZ-TV kuyambira mu 1957. Pa pulogalamuyo achinyamata akuda analidi ndi tsiku lawolawo, ngakhale kuti nyimbo zambiri zimene azungu ankavina zinali za oimba akuda. Anthu atayamba kuumirira kuti onse azivinira pamodzi, eni ake anaona kuti kunali bwino kuithetsa kusiyana ndi kusakaniza mitundu, ndipo inatha mu January 1964. Chipwirikiti cha ku malo a maseŵera nachonso chimakumbutsa za paki ya Gwynn Oak, pafupi ndi mzindawo, kumene anthu mazanamazana anamangidwa mu July 1963 pochita zionetsero zotsutsa tsankho. Pakiyo inatsegula zipata zake kwa akuda pa 28 August 1963, tsiku lomwelo limene Martin Luther King analankhula kwa khamu lalikulu ku Washington. Lamulo la boma loletsa tsankho m'malo opezekamo anthu onse linabwera mu July 1964.

Apa m'pamene pagona nzeru ya Waters. M'moyo weniweni gule anathetsedwa. M'kanema gule anapambana. Iye anapatsa mzinda wakwawo mathero abwino amene mbiri inaumana. Woonera amene akudziŵa zimenezi amaseka, koma mumtima mwake mumatsala kachisoni.

Chifukwa chachiŵiri ndi njira imene kanemayu amalimbanirana ndi tsankho. Salalikira ngati mbusa pa guwa, ndipo saopseza. Amangoonetsa atsankho monga anthu opusa. Amayi ake a Penny, ataloŵa m'dera la anthu akuda kufunafuna mwana wawo, akunjenjemera ndi kukuwa pamene palibe aliyense wowachita choipa. Amayi ake a Amber akubisa bomba m'tsitsi lawo lovala, ndipo bombalo likuwaphulikira okha pamutu. Munthu wouma mtima angathe kupirira chidzudzulo, koma kusekedwa kumamloŵa mpaka m'mafupa. Mnyamata amene waseka munthu watsankho pa kanema sachedwa kuchita manyazi akapeza khalidwe lomwelo m'nyumba mwawo.

Chifukwa chachitatu ndi gule mwiniwake. Akuluakulu anati gule ndi aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Mawu ameneŵa akuoneka ndi maso m'kanemayu. Magule a masiku amenewo, monga Madison, Mashed Potato ndi Twist, akuvinidwa ndi nyimbo zenizeni za nthaŵiyo, ndipo woonera amaona yekha kuti luso silisankha khungu kapena thupi. Zikadzaoneka choncho, lamulo lolekanitsa ovina limakhala lopanda nzeru ngakhale kwa mwana wamng'ono. Tracy nayenso sauzidwa kuti ayambe waonda kuti akondedwe. Akupambana mpikisano ali wonenepa, akupeza bwenzi ali wonenepa, ndipo sitolo ya zovala za amayi onenepa ikumlemba ntchito yotsatsa malonda. Atsikana ambiri amene ankanyozedwa chifukwa cha matupi awo anaona munthu wonga iwo akuyamikiridwa, chinthu chimene sichinkaoneka kaŵirikaŵiri m'makanema a masiku amenewo.

Chifukwa chachinayi ndi anthu oseŵeramo. Tracy anali Ricki Lake, mtsikana amene sankadziŵika, koma pambuyo pake anatchuka pa wailesi ya kanema. A Motormouth Maybelle anali Ruth Brown, woimba wakuda wotchuka wa m'zaka za m'ma 1950. Makolo a Amber anali oimba aŵiri, Debbie Harry ndi Sonny Bono, ndipo atate ake a Tracy anali katswiri wa nthabwala Jerry Stiller. Koma amene anadabwitsa anthu ndi Divine, mwamuna amene dzina lake lenileni linali Harris Glenn Milstead, mnzake wa Waters kuyambira pa unyamata. Iye anaseŵera monga Edna, amayi ake a Tracy, mayi wotopa amene amapeza ndalama posita zovala za anthu, ndipo anachita zimenezi mwachikondi kotero kuti woonera amaiŵala kuti akuona mwamuna. M'kanema momwemo anaseŵeranso monga mwini nyumba ya wailesi, munthu watsankho. Divine anamwalira pa 7 March 1988, patangopita masiku oŵerengeka kanemayu atatuluka, ndipo imfa yake inawonjezera chikondi cha anthu pa ntchito yomalizayi ya iye ndi mnzake.

Waters anali atadziŵika kale ndi makanema onyansa dala monga Pink Flamingos wa mu 1972, amene ana sankaloledwa kuonera. Hairspray anali kanema wake woyamba amene banja lonse likanatha kuonera pamodzi. Matepi a vidiyo atafala, kanemayu analoŵa m'nyumba zambiri, ndipo kumeneko n'kumene anapeza anthu amene sanamuone poyamba.

Kuchokera pamenepo nthanoyi inabala ana. Mu 2002 inasanduka seŵero la nyimbo ku Broadway, mumzinda wa New York, ndipo nyimbo zake zinapekedwa ndi Marc Shaiman ndi Scott Wittman. Seŵeroli linalandira mphoto 8 za Tony mu 2003, ndipo linaonetsedwa koposa ka 2,600 mpaka mu January 2009. Mu 2007 kunatuluka kanema wachiŵiri, mmene John Travolta anali Edna, Nikki Blonsky anali Tracy, ndipo Queen Latifah anali Maybelle. Ameneyu anapeza madola oposa 200 miliyoni. Mu December 2016 nyumba ya NBC inaulutsa seŵeroli likuchitika. M'zonsezi mwambo wakuti Edna akhale mwamuna unasungidwa, monga ulemu kwa Divine.

Pali ena amene amadzudzula nthanoyi, ndipo mawu awo ali ndi pogwira. Iwo amati nkhondo yolimbana ndi tsankho inamenyedwa ndi anthu akuda, amene anamangidwa, kumenyedwa ndi kuphedwa, koma kanemayu waika mtsikana wachizungu patsogolo, akuda n'kukhala omuthandiza. Amatinso mathero ake ndi ofeŵa mopitirira muyeso, pakuti tsankho silitha ndi gule wa tsiku limodzi. Baltimore yemweyo anagwedezeka ndi zipolowe mu 1968, ndiponso mu 2015 pamene mnyamata wakuda, Freddie Gray, anafa atavulala ali m'manja mwa apolisi.

Zimenezi zikusonyeza malire a kanemayu, koma zikusonyezanso chifukwa chake anthu akumufunabe. Nkhani yakuti ndani aloledwe kuloŵa m'bwalo ndipo ndani atsale kunja sinathe mu 1962. Mbadwo uliwonse uli ndi achinyamata amene amatsekeredwa chitseko chifukwa cha khungu, thupi kapena umphaŵi, ndipo iwo akaona Tracy ndi Seaweed akuvina amazindikira nkhani yawo. Kanema amene amaseketsa munthu kwa ola limodzi ndi theka, n'kumusiya akudzifunsa ngati iye mwini sanatsekerepo mnzake kunja kwa bwalo, ndi kanema amene adzaonedwa ndi ana ndi adzukulu.