Agogo Oiwala pa Nthawi ya Mliri

Pali matenda amene amagwira ubongo wa okalamba ena. Munthu amaiwala maina a ana ake. Amasochera pa njira ya kudimba imene wayendamo zaka zambiri. Achipatala amawatcha dementia. Amenewa ndi matenda. Si ufiti.

Munthu wotere amatsamira pa zimene anazolowera: nkhope za abale, mawu awo, nthawi ya phala. Zimenezi zikachoka, mutu umasokonekera kwambiri.

Mu 2020 kunagwa mliri wa korona. Wodwala woyamba m'dziko lathu anapezeka ku Maputo pa 22 Malichi. Pa 1 Epulo boma linakhwimitsa malamulo. Masukulu anali otseka. Misonkhano inaletsedwa. Pamaliro pankafika anthu owerengeka. Malamulowo anali oteteza moyo, makamaka wa okalamba.

Tione zimene zinachitika ku Ulaya. Kumeneko okalamba ambiri amakhala m'nyumba zowasamaliramo. Mliri utafika, zitseko zinatsekedwa. Abale ankangoonera pazenera. Osamalira anaphimba kukamwa ndi mphuno. Agogo oiwala sanamvetse chifukwa chake. Ena anayesa kuti ana awo awataya. Ena anayamba kukana chakudya. Ena analeka kulankhula. Anawateteza ku korona, koma kusungulumwa kunawafooketsa.

Kwathu kuno ku Tsangano ndi ku Macanga, agogo timawasunga pakhomo. Nyumba yowasamalira ndife. Koma nafenso tikhoza kuwatsekera m'nyumba poganiza kuti tikuwateteza.

Mu Meyi 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linati korona salinso ngozi yadzidzidzi. Koma miliri imabwera ndithu. Ukadzagwa wina, tidzachite izi:

Tisankhe munthu mmodzi kapena awiri amene agogo amawadziwa bwino. Amenewo aziwasamalira tsiku lililonse.

Tizisamba m'manja ndi sopo, ifeyo ndi agogo omwe.

Tizicheza nawo panja, pamthunzi, pomwe pali mphepo.

Tikaphimba kukamwa, tizinena kaye dzina lathu: “Agogo, ndine mdzukulu wanu.”

Tisasinthe nthawi yodya ndi yogona.

Akadwala, tipite nawo kuchipatala msanga.

Lamulo nambala 3 la 2014 limateteza okalamba m'Moçambique. Kuwataya kapena kuwanamizira ufiti ndi kuphwanya lamulo.

Tikambirane:
1. Kodi m'mudzi mwathu muli agogo oiwala? Amawasamalira ndani?
2. Tingawateteze bwanji ku mliri popanda kuwasiya okha?