Gemu ikakana kutseguka chifukwa cha anti-cheat

Ophunzira amene mumasewera EA Sports FC, Fortnite kapena Valorant pa kompyuta mukuudziwa uthenga umene umatuluka gemu isanatseguke, wonena kuti apudeti ya anti-cheat yalephereka. Ambiri akauona amafufuta gemu yonse n'kuidawunilodanso. Gemu zimenezi zimadya magigabaiti ochuluka, moti bandulo ya Airtel kapena TNM imene makolo anagulira homuweki imatha usiku umodzi, vuto lija lili pomwepo. Nthawi zambiri chimene chalakwika chimakhala chaching'ono, chokonzeka osawononga ndalama.

Anti-cheat ndi pulogalamu imene imalondera kuti wosewera asabere anzake pogwiritsa ntchito mapulogalamu achinyengo. Fortnite imadalira Easy Anti-Cheat ya kampani ya Epic Games. Valorant ili ndi Vanguard, imene Riot Games inatulutsa mu 2020, pomwe EA inayamba kuika yakeyake pa FIFA 23 mu 2022. Mapulogalamuwa amagwira ntchito mkatikati mwa Windows, ndipo sakhulupirira chilichonse chosaoneka bwino. Fayilo imodzi ikangoperewera, amatseka gemu yonse.

Kuno ku Area 10 chimene chimaperewetsa mafayilo kawirikawiri ndi magetsi. Akathima, laputopu imapitiriza kuyaka ndi batire koma rauta ya Wi-Fi imazima, apudeti n'kudukira panjira. Zimachitikanso chimodzimodzi bandulo ikatha mwadzidzidzi.

Yambani ndi zosadya bandulo. Zimitsani kompyuta posankha Restart, chifukwa Vanguard imadzuka limodzi ndi Windows ndipo apudeti yake imakhazikika kompyuta ikayakanso. Kenako onani tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Makompyuta akale, monga ambiri ogulidwa kachiwiri ku Old Town, amakhala ndi kabatire kooneka ngati khobidi kosunga nthawi. Kakatha mphamvu, deti imabwerera m'mbuyo, ndipo seva ya gemu imakana kulumikizana ndi kompyuta yosokonekera deti.

Zikakanika apa, konzani mafayilo owonongeka okhawo. Pa Steam sankhani Verify integrity of game files, pa Epic Games Launcher sankhani Verify, ndipo pa EA app sankhani Repair. Njira imeneyi imayang'ana fayilo iliyonse n'kudawuniloda yokhayo imene yasowa kapena yawonongeka. Chitani zimenezi intaneti ili bwino ndipo laputopu yatchajidwa. Ngati vuto likadalipo, chotsani anti-cheat yokhayo n'kuiikanso, gemu musaikhudze. Ndi kapulogalamu kakang'ono poyerekeza ndi gemu yonse.

Onaninso ngati Windows yanu ikulandira maapudeti. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows yokopera mwachinyengo nthawi zambiri imakhala yodulidwadulidwa, zimene anti-cheat imakana.

Pali vuto lina lofunika kusamala kwambiri. Pa Windows 11, Valorant imafuna kuti TPM 2.0 ndi Secure Boot zikhale zoyatsa, ndipo mauthenga a VAN9001 ndi VAN9003 amanena za zimenezi. Zimayatsidwira mu BIOS, malo amene munthu wosazolowera sayenera kulowamo yekha. Ngati laputopu ndi ya kuntchito kwa bambo kapena mayi, mafayilo ake akhoza kukhala otsekedwa ndi BitLocker. Mukasintha za mu BIOS, kompyuta ikhoza kufunsa nambala yotsegulira ya manambala 48, ndipo popanda nambalayo ntchito zonse za makolo zimatsekeredwa mkati. Pemphani chilolezo kaye, ndipo funsani aphunzitsi a kompyuta musanasinthe kanthu.

Pa YouTube mupeza mavidiyo olonjeza kapulogalamu kolambalala anti-cheat. Musakadawunilode. Timapulogalamu totere nthawi zambiri timabwera ndi mavairasi oba mapasiwedi, ndipo kampani ya gemu ikazindikira imatseka akaunti yanu. Riot Games imathanso kuletsa kompyuta yeniyeniyo, moti ngakhale mutatsegula akaunti yatsopano simungasewerenso pamenepo.

Mukayesa zonsezi osatheka, jambulani uthengawo ndi foni, nambala yake ioneke bwino, ndipo muutumize ku tsamba lothandiza osewera la kampani imene inapanga gemuyo. Nthawi zina vuto limakhala la seva yawo, ndipo limatha lokha akalikonza. Kufufuta gemu yonse kukhale komaliza.