Mizinda ya m'mbali mwa Nile: Luxor ndi mudzi wa amisiri ake

Mzinda wa Luxor uli kummwera kwa dziko la Egypt, makilomita opitirira 600 kuchokera ku Cairo potsata mtsinje wa Nile. Eni ake akale ankautcha Waset, Agiriki n'kudzautcha Thebes. Cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe unakhala likulu la afarao, ndipo ngakhale mafumu ena atasamukira kumpoto, unakhalabe phata la chipembedzo chawo. Mtsinje unaugawa pawiri: kotulukira dzuwa kunali akachisi aakulu ndi nyumba zambiri za amoyo, kolowera dzuwa kunali manda. Bungwe la UNESCO linauika m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1979. Alendo ambiri amauyendera mothamanga, kuthamangira mayina a mafumu okha. Ine ndikuti mlendo amene wachoka ku Luxor osaponda m'kamudzi ka Deir el-Medina waona denga, koma sanaone manja amene analisenza.

Zimene zimakopa anthu n'zosakayikitsa. Ku Karnak kuli chipinda cha nsanamira 134 za miyala, ndipo 12 zapakati zimatalika pafupifupi mamita 21. Munthu akaima pansi pake amachepa ngati nyerere patsinde la mlambe. Kuchokera pamenepo, msewu wa makilomita pafupifupi 3, wokhala ndi ziboliboli mbali zonse, umakafika ku kachisi wa Luxor. Unatsegulidwanso mu Novembala 2021. Pakhomo pa kachisiyo paima chipilala chimodzi chosongoka, pakuti chinzake chinatengedwa n'kukaimikidwa ku Paris mu 1836. Tsidya lina kuli kachisi wa Hatshepsut, mkazi amene analamulira ngati farao, ndi Chigwa cha Mafumu cha manda oposa 60, kumene Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun mu 1922. Komatu zonsezi zimanena zimene mafumu ankafuna kuti tidziwe: nkhondo zimene anapambana ndi milungu imene inawalandira.

Mawu a anthu wamba ali kuseri kwa phiri, ku Deir el-Medina. Kumeneko kunkakhala amisiri amene ankasema ndi kujambula manda a mafumu kwa zaka pafupifupi 400. Kamudziko kanali ndi nyumba pafupifupi 70 zothinana mkati mwa mpanda, kanjira kakang'ono kakudutsa pakati. Panalibe chitsime chodalirika, choncho madzi ankabwera ndi abulu. Anthuwa ankalemba pa mapale ndi tizidutswa ta miyala, ndipo ofukula zakale anapeza zolembedwa zoterezi masauzande. Pali makalata, ngongole, milandu ya kubwalo, ngakhale kaundula wa ojomba kuntchito ndi zifukwa zake: uyu walumidwa ndi chinkhanira, uyo akufulula mowa, wina akukonza thupi la mbale wake womwalira. Malipiro awo anali tirigu ndi balere. M'chaka cha 29 cha ulamuliro wa Ramesses III chakudyacho chitachedwa, amisiri anasiya zida, n'kukakhala pansi pa akachisi a mafumu kudandaula njala mpaka akuluakulu anawamvera. Nkhaniyi inalembedwa pa gumbwa amene akusungidwa ku Turin, ndipo akatswiri ambiri amati ndi sitalaka yoyamba yolembedwa m'mbiri ya anthu.

Wina anganene kuti kumudziko kulibe choona, ndi makoma aafupi chabe a miyala ndi zidina. N'zoona kuti maso ozolowera Karnak sangadabwe msanga, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsikirani m'manda a Sennedjem, mmodzi wa amisiriwo. Kachipinda kake n'kakang'ono, koma utoto wake ukuwalabe ngati wapakidwa dzulo, ndipo pakhoma mwini wake ali ndi mkazi wake m'munda wa kudziko la akufa, akulima ndi kukolola. Munthu amene ankakongoletsa manda a mafumu, atafika podzijambulira yekha, analakalaka munda ndi banja lake. Chithunzi chimenecho mlimi aliyense angachimve popanda womasulira.

Wina angatinso nthawi ndi yochepa, dzuwa la ku Luxor limawotcha, ndipo malo aliwonse ali ndi tikiti yake. Dandauloli ndi lomveka, koma yankho lake ndi kusankha bwino. Manda a mafumu atatu amakwanira kuonetsa luso lake. Achinayi ndi achisanu amangotopetsa miyendo. Ndiponso kuunjikana kwa anthu m'manda otchuka kumawononga, chifukwa mpweya ndi thukuta zimabweretsa chinyezi chimene chimadya utoto. N'chifukwa chake mu 2014 anatsegula chifaniziro cha manda a Tutankhamun pafupi ndi nyumba imene Carter ankakhala. Mlendo akapatula maola awiri kupita kwa amisiri, amapepukitsako katundu wa Chigwa cha Mafumu, iyenso n'kupindula.

Kuyamba ndi anthu wamba kumathandizanso kuona kuti Luxor si manda okha. Mkati mwa kachisi wa Luxor muli mzikiti wa Abu el-Haggag, umene anthu akupempheramobe mpaka lero. M'mphepete mwa mtsinje alimi akudula nzimbe, ndipo amabwato akuwolotsa anthu monga ankachitira makolo awo. Mzindawu wakhala ukuyenda ndi thukuta la anthu otere kuyambira kale.

Choncho inu amene mudzakhale ndi mwayi wofika ku Luxor, kaoneni Karnak, kaoneni Chigwa cha Mafumu, koma musadzakwere basi yobwerera musanaime m'kanjira ka ku Deir el-Medina. Mfumu ndi anthu, ndipo anthu a Thebes anasiya mawu awo pamenepo.