Mankhwala a TB anacokera m'dothi

Mvula yoyamba ikagwa, dothi limatulutsa kafungo kamene aliyense amakadziwa. Fungoli limacokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso tochedwa Streptomyces. Tizilomboti timalimbirana cakudya ndi tinzake m'nthaka, ndipo timatulutsa madzi akupha adani ao. Madzi otere ndiwo akatswiri amasandutsa mankhwala.

Kafunidwe kake nkofuna kuleza mtima. Amatapa dothi, kulisungunula m'madzi ndi kuwaza pa timbale tagalasi. Tizilombo ta m'dothi tikamera, amaikapo tizilombo ta matenda. Pamene ta matenda talephera kumera, pamenepo pali ciyembekezo.

Mu 1943, mwana wa sukulu Albert Schatz, wophunzira pansi pa Selman Waksman pa yunivesiti ya Rutgers ku America, anapeza streptomycin mwa njira imeneyi. Awa ndiwo anali mankhwala oyamba kugonjetsa cifuwa ca TB. Mu 1957, akatswiri a ku Milan, m'dziko la Italy, anapima dothi locokera ku France napezamo mankhwala amene pambuyo pake anabala rifampicin. Lero odwala TB m'makiliniki a m'Zambia amamwa rifampicin pamodzi ndi mankhwala ena kwa miyezi 6. Ndiwo amafiiritsa mkodzo, ndipo izi siziyenera kuopsa wodwala.

Bvuto nlakuti tizilombo tambiri ta m'dothi timakana kumera pa mbale. Mu 2015, gulu la Kim Lewis ku Boston linalengeza kuti linalera tizilombo totere m'kabokosi kokwirira m'dothi momwemo, ndipo linapeza teixobactin. Anacilitsa mbewa zodwala, koma kucoka pa mbewa kufika pa shelefu ya kiliniki pamapita zaka zambiri.

Pakali pano matenda akuzolowera mankhwala akale. Mu 2019, anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anafa cifukwa ca tizilombo tosamva mankhwala.

Apa banja lililonse m'komboni lili ndi mbali yake. Wodwala akaleka kumwa mankhwala cifukwa wayamba kupezako bwino, tizilombo tolimba timatsala ndi kuswana, ndipo TB yosamva mankhwala imavuta kucilitsa. Makapisozi ogula pa kantemba, kapena otsala kwa aneba, amabweretsa bvuto lomweli. Mankhwala alembedwe ndi a kukiliniki, ndipo amwedwe mpaka tsiku lomaliza.