Mlendo wodzatithandiza akadwala, amalipira ndani?

Mwina kusukulu ya kwanu kuli mphunzitsi wa masamu wochokera ku America, kapena kuchipatala cha mishoni kuli namwino wa ku Germany amene anabwera kudzagwira ntchito mongodzipereka. Timawalandira ndi manja awiri, kuwapatsa dzina la kwathu, ngakhale kuwaphunzitsa kuphika nsima. Koma kodi munayamba mwafunsapo kuti mlendoyu akadwala, ndalama za chipatala zimachokera kuti? Nanga matenda akaonekera iye atabwerera kale kwawo, amamusamala ndani?

Chitsanzo chodziwika ndi cha bungwe la boma la America la Peace Corps, limene Pulezidenti John F. Kennedy analiyambitsa mu 1961. Mavolontiya ake anayamba kufika kuno mu 1963, dziko lathu likadali Nyasaland. Ambiri amakhala miyezi 27: itatu ya maphunziro, kenako zaka ziwiri pantchito.

Nthawi yonseyi bungweli ndilo limasenza mtolo wa umoyo wawo. Limalemba madokotala ndi anamwino akeake, limapereka katemera, neti ya udzudzu ndi mankhwala oteteza ku malungo, ndipo volontiya salipira kanthu. Matenda akakula amamutumiza pa ndege ku Pretoria kapena ku America komweko. Akapanda kuchira mokwanira pamasiku 45, kawirikawiri ntchito yake imathera pomwepo.

Vuto limayamba tsiku lotsanzikana. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma matenda amene watenga kuno sakamuka naye. Likodzo ndi limodzi mwa matenda otere. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndi kulowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa, ndipo pamatha miyezi asakumva chilichonse. Mu 1992 mavolontiya awiri a Peace Corps amene anasambira ku Cape Maclear anapezeka ndi likodzo limene linafika mu ubongo mwa wina ndi m'msana mwa mnzakeyo. Mankhwala a praziquantel amachiza likodzo, koma dokotala wa kudziko kumene kulibe matendawa akhoza kuchedwa kuwaganizira ngati wodwalayo sananene kumene anali. Palinso ena amene amabwerera ndi nkhawa ndi matenda a maganizo chifukwa cha ngozi kapena nkhanza zimene anakumana nazo.

Akamaliza ntchito, volontiya wa Peace Corps amapimidwa m'thupi asanakwere ndege, ndipo amakhala ndi inshuwaransi ya nthawi yochepa chabe. Matenda amene anawatengera kuntchito amagwera pansi pa lamulo la 1916 lotchedwa FECA, lolipira ogwira ntchito m'boma akavulala. Amene amaliyendetsa ndi unduna wa zantchito wa dzikolo, osati Peace Corps. Wodwalayo ayenera kulemba mafomu zaka zitatu zisanathe, kubweretsa malipoti a dokotala, ndi kudikira yankho. Mavolontiya akale akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti njirayi imachedwa, ndipo madokotala ena safuna kulandira odwala olipiridwa mwa njira imeneyi.

Malamulo ena anasintha anthu atataya moyo. Kate Puzey anaphedwa ku Benin mu 2009, ndipo mu 2011 kunabwera lamulo la dzina lake loteteza mavolontiya ochitidwa nkhanza ndi amene aulula zoipa. Nick Castle anadwala ndi kumwalira ku China mu 2013 ali ndi zaka 23. Lamulo la 2018, lotchedwa ndi dzina lake pamodzi ndi la phungu Sam Farr, linakhwimitsa zofunika pa chisamaliro cha umoyo wa mavolontiya.

Ngati boma lolemera chotere limavutika, nanga wachinyamata amene wabwera kudzera kuparishi ya kwawo kapena kabungwe kakang'ono? Mapulogalamu ena, monga weltwärts ya boma la Germany imene inayamba mu 2008, amafuna kuti aliyense akhale ndi inshuwaransi asananyamuke. Koma ena amafika ndi inshuwaransi ya paulendo yokha, imene imatha akangoponda kwawo. Zinthu zikavuta, udindo umagwera parishi, sukulu kapena chipatala chimene chinamulandira.

Choncho ngati muli m'komiti yolandira mlendo wotere, funsani iye asanafike. Ali ndi inshuwaransi yanji, ndipo ikutha liti? Imalipira ndege yokamusiya kuchipatala chachikulu kunja? Imamulola kukwera njinga yamoto? Kabaza ndi mayendedwe athu a tsiku ndi tsiku, koma makampani ambiri amaika malire pa ngozi za njinga yamoto. Pa ngozi muimbire ndani, nanga akabwerera kwawo adzamusamala kwa nthawi yaitali bwanji? Mayankho onsewa alembedwe m'pangano.

Inu a kuchipatala, mukamuona ngakhale ndi malungo kapena kutsekula m'mimba, mulembereni bwino tsiku, zotsatira za magazi ndi mankhwala amene mwamupatsa, mudinde ndi chidindo. Asanachoke mukumbutseni kuyezetsa likodzo ngati anasamba m'nyanja kapena mumtsinje. Kapepala kamene mwalemba lero kakhoza kudzakhala umboni wokhawo womuthandiza kulandira chithandizo zaka ziwiri zikubwerazo.